TSIKU LA NYIMBO M'MAKALASI OYAMBA: PHUNZIRO LOCHOKERA KU MZILAWAINGWE

Chakumapeto kwa chigawo choyamba cha sukulu ndinapita kukayendera mmodzi wa ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito yauphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Mzilawaingwe, mumzinda wa Mzuzu. Tsikulo linali lotsekera, ndipo mphunzitsiyo, mayi wachangu ndi wokonda ntchito yake, anali atakonza zoti ana a Sitandade 1 aimbire makolo. Mwa ana opitirira 80 a m'kalasi mwake anasankhamo 12 a mawu okoma, nawaphunzitsa nyimbo zitatu kwa milungu iwiri yathunthu. Anawo anaimba bwino ndithu. Makolo anaomba m'manja, amayi ena anaimba nthungululu, ndipo mphunzitsi wamkulu anayamika ndi mawu ambiri. Ana otsalawo anakhala pa udzu atauzidwa kuti asachite phokoso.

Anthu akubalalika, ndinafunsa mtsikana wina wamng'ono amene anakhala kumbuyo kwenikweni kuti waphunzira nyimbo zanji pa chigawo chimenecho. Iye anandiyang'ana modabwa, nayankha m'Chitumbuka kuti iyeyo saimba, oimba ndi aja anaimirira kutsogolo. Patangopita kanthawi pang'ono ndinamuona mwana yemweyo kuseri kwa kalasi akutsogolera anzake nyimbo ya masewera, akuomba m'manja osaphonya ndi kamodzi komwe.

Mwanayu anali ataphunzira zambiri, koma panalibe amene anamuthandiza kuzindikira kuti waphunzira. Choipa koposa n'chakuti tsiku limene linayenera kumukondweretsa ndilo linamuuza kuti nyimbo za kusukulu ndi za anthu ena. Ambiri a inu mukudziwa akuluakulu amene amangoyendetsa milomo m'tchalitchi chifukwa chakuti ali ana wina anawauza kuti mawu awo amaononga nyimbo. Nkhani ino ikufotokoza mmene mphunzitsi wa makalasi oyamba angathandizire ana kuyang'ana m'mbuyo ndi kuona pamene achokera, ndiponso mmene chikondwerero cha nyimbo chingamangidwire pa zimene anawo aona okha.

Mwana safika kusukulu chimanjamanja

Kuti mwana aone kuti wapita patsogolo, payenera kudziwika pamene anayambira. Pa masamu ndi pa kuwerenga mphunzitsi amayamba ndi ana amene ambiri a iwo sadziwa nambala kapena lemba. Pa nyimbo zinthu n'zosiyana. Mwana wa zaka 6 wakhala akumva kugunda kwa nyimbo kuyambira ali kumbuyo kwa amake, pamtondo, paukwati, pamaliro, m'kwaya ya ku mpingo, pa wailesi ndi pabwalo pamene ana anzake amasewera madzulo. Amafika pa khomo la kalasi ali ndi nyimbo zambiri m'mutu.

Kwa mphunzitsi wa ku Mzilawaingwe chuma chimenechi n'chochuluka kuposa cha kumudzi. Mzuzu ndi mzinda wa obwera. Unakula kuchokera pa minda ya mitengo ya tung imene inatsegulidwa cha mu 1947, ndipo unalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Dzina lenilenilo lakuti Mzilawaingwe ndi lachingoni, lotanthauza njira ya kambuku, koma okhalamo ndi ochokera mbali zonse. M'kalasi imodzi mumapezeka mwana amene atate ake amavina ingoma ku Mzimba, wina amene amalume ake amaliza malipenga ku Nkhata Bay, wina amene alongo ake amavina chilimika pa chaka chatsopano, wina wochokera ku Chitipa kumene kuli mwinoghe, winanso wa ku chigawo chapakati amene amadziwa chimtali. Mphunzitsi amene ayamba chaka ndi nyimbo zake zokha za ku koleji akufanana ndi munthu wopita kunyanja atasenza mtsuko wa madzi.

Katswiri wina wa zanyimbo, John Blacking, anakhala pakati pa Avenda a ku South Africa kuyambira 1956 mpaka 1958, ndipo mu 1967 anasindikiza buku lonena za nyimbo za ana a mtunduwo. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti anawo sanali kuyamba ndi nyimbo zapafupi n'kumapita ku zovuta monga mmene mabuku a sukulu amasanjira. Kawirikawiri anali kuyamba kudziwa nyimbo zimene amazimva kwambiri, ngakhale zikhale zovuta. Aliyense amene anamvapo mwana wa zaka 5 akuimba nyimbo yonse ya kwaya ya amake angavomereze zimenezi. Motero musaganize kuti mukudziwa kale zimene ana anu angathe. Afunseni.

Ntchito ya milungu iwiri yoyamba ikhale yosonkhanitsa. Pemphani ana kuti aimbe nyimbo zimene amaimba kunyumba, m'chinenero chilichonse. Amanyazi aimbe awiriawiri kapena atatuatatu. Lembani m'kope dzina la nyimbo, chinenero chake, mwana amene waibweretsa ndi munthu amene anamuphunzitsa. Ngati muli ndi foni, jambulani mawu a kalasi yonse ikuimba nyimbo imodzi imene mwangoiphunzitsa kumene, ndipo musafufute ngakhale imveke ngati achule a m'dambo. Mawu amenewo mudzawafuna pa mapeto a chigawo. Jambulani mawu okha, osati nkhope, ndipo yambani mwadziwitsa mphunzitsi wamkulu.

Funso limene ana angathe kuyankha

Ena amanena kuti mwana wa Sitandade 1 ndi wamng'ono kwambiri kuti alingalire za kuphunzira kwake. Mawuwa ali ndi choona chake ngati funso lathu lili lija timalikonda pomaliza phunziro lakuti, "Ana inu, lero taphunzira chiyani?" Kalasi yonse imayankha mokoka kuti, "Nyimbooo!" ndipo mphunzitsi amakhutira. Palibe mwana amene waganiza kanthu pamenepo.

Mwana wamng'ono amaganiza ndi zimene waona, wamva ndi kuchita ndi thupi lake. Choncho tiyenera kuyamba tokha kudziwa kuti kuphunzira nyimbo pa msinkhu umenewu ndiye kuti chiyani, ndipo tikutchule ndi mawu amene mwana angawamve. Zofunika zake si zambiri. Mwana aziomba m'manja kapena kuponda motsatana ndi kugunda kwa nyimbo, osathamanga kapena kutsalira. Azivomera nyimbo pa nthawi yake wotsogolera akayamba. Aziyamba ndi kuleka pamodzi ndi anzake. Azisiyanitsa kuimba ndi kukuwa. Azimva kusiyana kwa liwu laling'ono ndi lalikulu. Pomaliza, tsiku lina alimbe mtima n'kuyambitsa nyimbo yekha.

Pa nkhani ya liwu laling'ono ndi lalikulu ndiime pang'ono, pakuti apa ophunzira athu ambiri amapunthwa. Mabuku amanena za mawu okwera ndi otsika. Koma mukauza mwana kuti akweze mawu, iye amakuwa, chifukwa ndicho tanthauzo la kukweza mawu kunyumba kwawo. Makolo athu oimba malimba ndi bangwe anali ndi njira yabwino: liwu limene mabuku amati lokwera iwo ankati laling'ono, ndipo lotsika ankati lalikulu. Gwiritsani ntchito mawu omwewo. Yerekezani ndi kulira kwa mwanapiye ndi kulira kwa ng'ombe, kapena kang'oma kakang'ono ndi ng'oma yaikulu. Mwana akakhala ndi mawu otchulira chinthu, amatha kunena ngati akuchidziwa kapena ayi.

Mukakhazikitsa zimenezi, mafunso anu amasanduka apafupi. Ndi nyimbo iti inakuvuta poyamba? Inavuta pati? Tsopano ukutha kuchita chiyani chimene sunali kutha? Anakuthandiza ndani? Funso lomalizali musalisiye. Ana ambiri amatchula mnzawo wokhala naye pafupi, ndipo mnzakeyo amadziwa kwa nthawi yoyamba kuti ali ndi kanthu kopatsa ena.

Chingwe cha nyimbo

Ana aang'ono amaiwala msanga zimene sakuziona. Pa chifukwa ichi mangani chingwe kuchokera ku ngodya ina ya kalasi kufika ku inzake, kapena pakati pa mitengo iwiri ngati mumaphunzirira panja. Nyimbo iliyonse imene kalasi yaphunzira ikhale ndi chidutswa chake cha katoni. Ana ajambulepo chithunzi cha zimene nyimboyo ikunena, kaya ndi mbalame, bwato kapena mayi akusinja, ndipo inu mulembe dzina la nyimbo m'munsi ndi malemba akuluakulu. Pachikani makatoniwo motsatana ndi mmene nyimbozo zinaphunziridwira. Izi n'zimene mumaphunzira pa TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, ndipo sizilira ndalama. Chinyezi cha ku Mzuzu chimafewetsa katoni msanga, choncho poweruka ndi bwino kuchotsa chingwecho ndi kuchisunga m'thumba la pulasitiki.

Pofika mlungu wachisanu ndi chitatu chingwecho chimakhala chitatalika, ndipo ana amayamba okha kuwerenga makatoni ndi kuitana anzawo a makalasi ena kuti adzaone. Musadandaule ngati zithunzi zake sizikudziwika kwa munthu wamkulu. Eni ake amazidziwa.

Phunziro la kukumbukira

Patulani phunziro limodzi la mphindi 30 mlungu umodzi kapena iwiri musanatseke. Musaphunzitse nyimbo yatsopano tsiku limenelo.

Yambani ndi kuimirira pamodzi ndi ana pa katoni yoyamba ya pachingwe. Afunseni ngati akuikumbukira, ndipo aiimbe. Akamaliza, aliziteni mawu aja munajambula pa mlungu woyamba, osawauza kuti ndi a yani. Afunseni kuti akuimbawo ndi ndani. Ana amaseka kwambiri akazindikira kuti ndi iwo omwe, ndipo aloleni aseke, chifukwa akuseka kalasi yonse, osati munthu mmodzi. Kenaka funsani kuti chasintha n'chiyani. Mayankho amene ndinamva m'kalasi ina anali akuti, "Tinali kukuwa," "Ena anali kuthamanga," "Sitinamalizire pamodzi." Palibe buku limene linawauza zimenezi. Anazimva ndi makutu awo. Ngati mulibe foni, inuyo muimbe nyimboyo monga mmene iwo anali kuimbira poyamba, mokuwa ndi mothamanga, ndipo iwo akukonzeni. Ana amasangalala zedi kukonza mphunzitsi.

Gawo lachiwiri ndi la awiriawiri. Mwana aliyense atembenukire mnzake, amuuze nyimbo imene inamuvuta ndi chinthu chimodzi chimene akuchitha tsopano. Aloleni alankhule chinenero chimene akuchidziwa bwino, kaya ndi Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde kapena Chichewa. Cholinga cha mphindi zimenezi n'chakuti mwana aganize, ndipo mwana wa zaka 6 saganiza bwino m'chinenero chimene akuchiphunzira kumene. Phokoso lidzakhalapo, chenjezani mphunzitsi wa kalasi yoyandikana. Inu muziyenda pakati pawo ndi kumvetsera, makamaka kumizere ya kumbuyo.

Pomaliza patsani mwana aliyense katsamba kapena chitsekerero cha botolo kuti akaike pansi pa katoni ya nyimbo imene akufuna kudzaimbira makolo. Werengani milu pamodzi nawo. Nyimbo za milu ikuluikulu ndizo za tsiku la chikondwerero. Mudzadabwa kuona kuti nthawi zambiri sasankha nyimbo imene inu mumanyadira. Musasinthe zimene asankha. Mukatero adzadziwa kuti kufunsa kwanu kunali kwa chiphamaso, ndipo ulendo wina sadzavutikanso kuganiza.

Kope la mphunzitsi

Wina adzafunsa kuti zonsezi zingatheke bwanji m'kalasi ya ana 90. Funsoli n'loyenera. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana asukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi oyamba akhala odzaza m'sukulu zambiri. Ndiponso pa kusintha kwa maphunziro kumene kunayamba mu 2007, nyimbo zinaphatikizidwa ndi magule, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi la Expressive Arts, kotero kuti mphunzitsi wosasamala akhoza kutha mwezi osaphunzitsa nyimbo kupatula zongotsitsimutsira ana akatopa.

Njira yake ndi kusafuna kuona ana onse tsiku limodzi. Lembani maina a ana onse m'kope, ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya zinthu zija tatchula. Pa phunziro lililonse yang'anitsitsani ana 10 okha, iwo osadziwa, pamene kalasi yonse ikuimba. Ikani kadontho pamene mwana sanathe, kamzere pamene akuyesa, ndi chochonga pamene watha. Pa maphunziro 9 mwaona kalasi yonse, ndipo mukayamba msanga mukhoza kubwereza chigawo chisanathe. Pasakhale malikisi. Kunena kuti mwana wapeza 4 pa 10 pa kuimba sikuuza kanthu mwanayo, kholo lake kapena mphunzitsi wa chaka chamawa. Kunena kuti amasunga kugunda kwa nyimbo koma sanayambe kuvomera pa nthawi yake kumauza aliyense chochita.

Kope limeneli lili ndi ntchito inanso. Mwana akanena kuti sanaphunzire kalikonse, monga ananenera mtsikana uja, inu muli ndi chomuyankha. Mukhoza kumuuza kuti mwezi wa Okutobala sanali kuomba m'manja pamodzi ndi anzake, koma tsopano anzake ndiwo akutsatira iye.

Kayamikiridwe

M'sukulu zathu tili ndi mwambo wabwino woombera m'manja mwana amene wakhoza, ndipo aphunzitsi apeka maombedwe a mitundumitundu. Koma m'manja moombedwa pa chilichonse mumatha mphamvu. Musanauze kalasi kuti iombe, nenani chimene mwanayo wachita: wadikira mpaka wotsogolera atamaliza, waimba osakuwa, wathandiza mnzake mawu a ndime yachiwiri. Patsogolo pake funsani anawo kuti atchule okha chimene mnzawo wachita bwino. Poyamba amangoti, "Waimba bwino." Mukalimbikira kufunsa kuti bwino wake ndi uti, amayamba kumvetsera mwa mtundu wina.

Mawu akuti "uyu ali ndi mphatso" muwasamale. Amene wauzidwa amayamba kuopa kulakwa, ndipo ena 89 amamva kuti iwo alibe.

Nanga mwana amene mawu ake amasemphana ndi chuni cha nyimbo? Musamukhazike chete, ndipo musalole kuti anzake amuseke. Kawirikawiri vuto silikhala la mwanayo. Liwu la mwana wa zaka 6 limayenda bwino pa manotsi asanu kapena asanu ndi limodzi okha, ndipo mphunzitsi akayambitsa nyimbo pamene pakukomera iye mwini, ana ena amalephera kufikapo. Aphunzitsi aamuna ayenera kusamala kwambiri, pakuti ana amayesa kutsanzira liwu lawo lalikulu n'kumangong'ung'udza. Ndi bwino kupempha mwana woimba molondola kuti ayambitse. Mwana wosemphayo mukhazikeni pakati pa oimba molimba, mumupatse nyimbo zazifupi zovomerezana, ndipo mumupatse nthawi. Ambiri amalondola okha akamakula. Koma mukaona kuti mwanayo samvanso mukamuitana ali chotembenuka, kapena khutu lake limatuluka mafinya, uzani makolo apite naye kuchipatala. Phunziro la nyimbo nthawi zina ndilo limayamba kuulula kuti mwana samva bwino.

Tsiku la chikondwerero

Kusonkhana kuti anthu amve zimene ophunzira aimba si chinthu chachilendo m'chigawo chakumpoto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mmishonale wa Livingstonia, Donald Fraser, ankachititsa mipikisano ya nyimbo ku Loudon, ku Embangweni m'boma la Mzimba, kumene anthu ankabwera ndi nyimbo zopeka okha. Pa nthawi imene amishoni ambiri ankanyoza maimbidwe a eni dziko, iye analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu pa machuni a makolo awo. Anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo zikuimbidwabe m'mipingo. Chimene tingatengepo n'chakuti anthu amabala zambiri pamene nyimbo za kwawo zalandiridwa ndi ulemu. Mpikisano wokha tiusiyire akuluakulu ndi makalasi apamwamba. Mwana wa Sitandade 1 akagonja pa mpikisano samva kuti ayesenso. Amamva kuti satha.

Pali mwambo winanso umene tiyenera kuuzindikira mwa ife tokha. Aphunzitsi ambiri amene anatiphunzitsa anakula m'nthawi ya chipani chimodzi, isanafike 1994, pamene ana asukulu ankakonzekera masiku ambiri kuti akaimbe ndi kuvina pamaso pa akuluakulu a boma. Kuchokera pamenepo tinazolowera kuganiza kuti ana amaimba pofuna kusangalatsa mlendo wolemekezeka, ndipo kulakwa kwawo ndi manyazi a sukulu. Mphunzitsi wa ku Mzilawaingwe uja anasankha ana 12 chifukwa cha mantha omwewo, ndipo sindimuimba mlandu kwambiri, pakuti ife omuphunzitsa sitinamuonetse njira ina. Akuluakulu anati gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Tsiku la nyimbo la makalasi oyamba eni ake ndi ana.

Likonzeni motere. Likhale lalifupi, losapitirira ola limodzi, ndipo ana akhale mozungulira bwalo, makolo ali kumbuyo kwawo. Ganizirani nyengo: chigawo choyamba chimatha mvula itayamba, choncho pemphani chipinda chachikulu; chachitatu chimatha m'chisanu cha Julayi, ndipo ku Mzuzu ndi bwino kudikira kuti nkhungu ichoke ndi dzuwa likwere, popeza ana onjenjemera saimba. Chingwe cha nyimbo chipachikidwe pamene aliyense angachione.

Gawani kalasi m'magulu, ndipo mwana aliyense akhale ndi chochita pa nyimbo imodzi kapena kuposa: kuyambitsa, kuvomera, kuomba m'manja, kuvina kapena kuliza choimbira. Zoimbira apange okha milungu ya m'mbuyo. Zitsekerero za mabotolo zoboola n'kuzitunga pa waya zimakhala maseche. Zitini ndi zigubu zimakhala ng'oma. Amayi achitumbuka amadziwa kuluka visekese ndi timapesi ta udzu n'kuikamo njere, ndipo mukapempha bwino simudzasowa mayi kapena gogo wodzaonetsa ana kapangidwe kake.

Nyimbo iliyonse isanayambe, mwana mmodzi anene kumene inachokera, ndipo wina anene chimene chinavuta poiphunzira. Mawu awiri kapena atatu akwanira: "Nyimbo iyi ndinaphunzira kwa agogo anga a ku Usisya." "Poyamba tinali kuthamanga, tsopano tikudikira ng'oma." Musawalembere mawu oti aloweze pamtima. Atenge pa zimene ananena okha pa phunziro la kukumbukira. Apa ndi pamene makolo amasiya kuona ana ongosangalatsa anthu n'kuyamba kuona ana amene aphunzira. Ndinaonapo bambo wina amene anabwera monyinyirika, atasiya ntchito yake kumsika, akuimirira kuti aone bwino atamva mwana wake akutchula kuti nyimbo ina anamuphunzitsa ndi iyeyo.

Chakumapeto ana aphunzitse makolo nyimbo imodzi yovomerezana. Ana ayambitse, makolo avomere, ndipo akuluakuluwo akalakwa ana awakonze. Pamakhala chiseko chachikulu, koma palibe mayeso oposa amenewa, chifukwa mwana sangaphunzitse chimene sachidziwa.

Posankha magule chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, magule ena ali ndi eni ake ndi ntchito yake. Vimbuza ndi gule wa machiritso pakati pa Atumbuka, ndipo gule wamkulu ndi wa olowa mwambo pakati pa Achewa. Onse awiri anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse, ndipo ana ayenera kudziwa za iwo ndi kuwalemekeza. Koma kuvalika mwana wa zaka 6 kuti ayerekeze munthu wogwidwa mizimu kungakhumudwitse eni mwambo ndiponso makolo amene chipembedzo chawo sichilola. Funsani makolo musanachite. Chachiwiri, m'kalasi mwanu muli ana a mipingo yosiyanasiyana ndi ana achisilamu. Nyimbo za masewera, za ntchito, zotonthoza mwana ndi za nthano n'zokwanira kudzaza ola lonse popanda kukakamiza mwana kuimba chimene kwawo amaletsa.

Mphoto zisakhalepo. Ngati mukufuna kuti ana atenge kanthu kunyumba, aliyense atenge choimbira chimene anapanga ndi kapepala kamene mwalembapo chinthu chimodzi chimene akuchitha tsopano, chochokera m'kope lanu. Kulemba timapepala 90 ndi ntchito ya madzulo awiri kapena atatu, ndipo sindikubisani kuti imatopetsa. Kope lenilenilo mukalipereke kwa mphunzitsi wa Sitandade 2 chaka chikatha, kuti asadzayambenso ngati anawo sanaimbepo.

Zimene zinatsatira

Ndinakambirana zonsezi ndi mphunzitsi uja, ndipo pa chigawo chachiwiri anaziyesa. Sizinayende zonse. Chingwe choyamba chinanyowa ndi mvula yolowera pa zenera, kope analemba mokwanira ulendo umodzi wokha m'malo mwa iwiri, ndipo pa tsiku lotsekera gulu lina linayamba nyimbo katatu lisanagwirizane. Makolo ena anafunsa chifukwa chimene kwaya yabwino ija sinaimbe. Iye anawayankha powaonetsa makatoni 14 a pachingwe chatsopano ndi maina a ana amene anabweretsa nyimbozo.

Mtsikana uja anali m'gulu la maseche. Anakanabe kuyambitsa nyimbo pamaso pa anthu akuluakulu, ndipo mphunzitsi sanamuumirize. Koma itafika nthawi yonena kumene nyimbo ina ya masewera inachokera, anzake anamukankhira kutsogolo, ndipo iye ananena motsitsa mawu kuti ndi yake, anaiphunzira kwa mkulu wake. M'kope, pa mzere wa kuyambitsa nyimbo, mphunzitsi anafufuta kadontho naikapo kamzere.

Pa ulendo wanu wokayesera ntchito, yambani ndi tsamba loyamba la kope: pofika Lachisanu la mlungu wachiwiri mukhale mutalemba nyimbo zosachepera 10 zimene ana abwera nazo, chinenero cha iliyonse ndi amene anawaphunzitsa. Tsambalo mudzabwere nalo pobwerera ku koleji kuti tidzayerekeze ndi a anzanu amene anatumizidwa ku maboma ena.